Anthu a ku Nazarete ndi Ufa wa Mai Wamasiye

Pa Lamulungu lachinai la pa chaka, m'chaka chimene buku la mawerengo a pa Misa limachitchula Chaka C, Eklezia Woyera amaika pamaso pa ana ake mau atatu amene poyamba aoneka ngati osagwirizana. Tsikuli limagwa kumapeto a Januwale kapena masiku oyamba a Febuluwale, nyengo imene nkhokwe zambiri zayamba kuonetsa pansi, chimanga cha m'munda chisanakhwime, amai nayamba kuyesa ufa ndi kambale. Mau oyamba ndi a mneneri Yeremiya, pamene Mulungu adamuitana namchenjeza kuti mafumu, ansembe ndi anthu a m'dziko lake lomwe adzalimbana naye. Mthenga Wabwino ndi wa Luka Woyera, mutu 4, pamene anthu a ku Nazarete adafuna kuponya Ambuye Yesu kuphompho. Pakati pa mau awiri owawa amenewa pali mutu 13 wa kalata yoyamba ya Paulo Woyera kwa Akorinto, umene utchula chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi, nuika chikondi pamwamba pa zinzake ziwirizo.

Akhristu ambiri mutu umenewu adaudziwira pa ukwati. Umawerengedwa mkwati ndi mkwatibwi atakhala patsogolo, amai akuyembekeza kuimba nthungululu, ndipo onse amaumva ngati nyimbo yokometsera tsikulo. Palibe cholakwa pamenepo. Koma Mpostoli polemba mau amenewa sadali kuganiza za ukwati, ndipo pa Lamulungu Eklezia sawaika pa malo ofewa. Buku la mawerengo lisanakonzedwenso m'chaka cha 1969, mutu womwewu unkawerengedwa m'Chilatini pa Lamulungu lotsogolera Lachitatu la Phulusa, pamodzi ndi mau a Ambuye olosera za masautso ao ndi nkhani ya wakhungu wa ku Yeriko. Kale ndi lero lomwe, mau a chikondi amawerengedwa pafupi ndi mtanda. Pamenepa pabuka funso limene Mkhristu sayenera kulilumpha: kodi munthu angathe kukhala ndi chikhulupiriro choona ndi chiyembekezo cholimba, nakhalabe wopanda chikondi? Ngati angathe, nanga ziwirizo zimpindulira chiyani?

Korinto udali mzinda wa malonda m'dziko la Agriki, womangidwa pa mtunda wopapatiza pakati pa nyanja ziwiri, ndi madooko awiri, lina kuvuma, lina kuzambwe. Paulo adakhala kumeneko chaka chimodzi ndi theka, cha m'ma 50 mpaka 52, akusoka mahema pamodzi ndi Akwila ndi Prisila, nabzala mpingo. Patapita zaka zowerengeka, ali ku Efeso, anthu a m'nyumba ya mai wina dzina lake Kloe adamfikitsira mbiri yoipa. Mpingo udagawikana: ena ankadzitcha a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa. Akhristu ankatengerana ku mabwalo a milandu a akunja. Posonkhana pa Mgonero wa Ambuye, olemera ankayamba kudya zao mpaka kuledzera, osauka ali chikhalire ndi njala. Ndipo amene adalandira mphatso ya kulankhula malilime ankadziyesa oposa anzao.

Anthu amenewa sadali osakhulupirira ai. Poyamba pa kalatayo Paulo athokoza Mulungu chifukwa cha iwo, navomera kuti sadasowe mphatso iliyonse. Motero mutu 13 ndi chidzudzulo. Zonse zimene Mpostoli anena kuti chikondi sichichita, monga nsanje, kudzitukumula ndi kufuna zokomera mwini yekha, ndizo zomwe adawadzudzula nazo m'mitu ya m'mbuyo. Tsiku limene kalatayo idawerengedwa pa msonkhano, aliyense adamva yekha kuti mkuluwiko ukunena yani.

Koma chitsanzo choopsa koposa chili mu Mthenga Wabwino. Nazarete kadali kamudzi ka anthu mazana owerengeka m'mapiri a Galileya, ndipo anthu ake adali opembedza. Tsiku la Sabata ankasonkhana m'nyumba ya mapemphero kumva Malamulo ndi Aneneri. Ankakhulupirira Mulungu mmodzi woona, pamene mitundu yowazungulira inkagwadira mafano. Chiyembekezo adali nachonso, pakuti dziko lao lidali pansi pa mphamvu ya Aroma chiyambire chaka cha 63 Khristu asanabadwe, ndipo mibadwo yonseyo adadikira Mpulumutsi osataya mtima. Pamene Yesu adawerenga mau a mneneri Yesaya nawauza kuti tsiku lomwelo mauwo akwaniritsidwa, iwo adakondwa nazizwa. Kenaka adakumbukira kuti wolankhulayo ndi mwana wa Yosefe, ndipo m'mitima mwao mudalowa ganizo lodziwika bwino m'mudzi uliwonse: ngati mwana wa pano wapeza mphamvu, ayenera kuyamba ndi kwao. Adamva zimene adachita ku Kapernao. Tsono azichite kuno. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndi momwenso anthu amayembekezera kwa mwana wao akakhala nduna, kuti mseu ndi mjigo ziyambire pakhomo pa amake.

Ambuye adayankha ndi nkhani ziwiri za m'mabuku a Mafumu, zimene omverawo adazidziwa chiyambire ubwana. Masiku a Eliya mvula idaleka zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amai amasiye adali ambiri m'Israele. Koma mneneriyo adatumidwa kwa mai wamasiye wa ku Zarefati, m'dziko la Sidoni, mudzi umene lero utchedwa Sarafand, m'mbali mwa nyanja ku Lebanon. Sidoni ndiko kudali kwao kwa Yezebele, mfumukazi imene idakuza chipembedzo cha Baala m'Israele ndi kupha aneneri a Mulungu. Masiku a Elisa akhate adali ambiri m'Israele, koma wochiritsidwa adali Namani, mkulu wa ankhondo a ku Siriya, mtundu umene unkafunkha midzi ya Israele. M'nyumba mwake momwemo mudali kamtsikana ka Chiisraele kogwidwa ukapolo. Yesu sadaonjeze chiphunzitso chachilendo. Adangowakumbutsa kuti chifundo cha Mulungu sichiima pa malire a mtundu, ndi kuti kangapo konse chidalumpha eni mudzi nkukagwera adani ao.

Apa mpamene chikondwerero chidasanduka mkwiyo. Adamtulutsa m'mudzi, napita naye pamwamba pa phiri kuti amponye pansi. Chofunika kuchiona bwino nchakuti pa ulendo umenewo, kuchokera ku nyumba ya mapemphero kukafika kuphompho, anthuwo sadataye chikhulupiriro chao. Palibe ndi mmodzi yemwe adakana Mulungu wa Abrahamu. Palibe adaleka kudikira Mpulumutsi. Mwina ambiri adaganiza kuti akutchinjiriza ulemu wa Mulungu. Chikhulupiriro chao chidali chitasanduka mpanda wotsekera ena kunja, ndipo chiyembekezo chao chidali cha mudzi wao wokha. Ankadikira Mpulumutsi monga munthu adikira mbale yake, ndipo atamva kuti mbaleyo adyamo ndi alendo, adasankha kuiswa.

Eklezia aphunzitsa kuti chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi ndi mphatso zitatu zimene Mulungu amathira mu mtima pa ubatizo. Munthu sazipeza ndi khama lake. Aphunzitsanso chinthu china chovuta kumva: tchimo lalikulu limazima chikondi, koma chikhulupiriro ndi chiyembekezo zingathe kutsala mwa wochimwayo. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adafotokoza kuti chikondi ndicho chipatsa moyo makhalidwe onse abwino, kotero kuti chikhulupiriro chotsala chokha chili chikhulupirirobe, koma chosowa moyo. Msonkhano Waukulu wa ku Trent udabwereza chiphunzitso chomwecho m'chaka cha 1547. Kale lomwe Yakobe Woyera adalasa pomwepo m'kalata yake pokumbutsa kuti ngakhale ziwanda zimadziwa kuti Mulungu ndi mmodzi.

Akatekisiti ambiri pophunzitsa amakonda fanizo la mafuwa atatu, kuti mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Fanizoli nlabwino, koma litsimphina pang'ono, pakuti mafuwa ngofanana onse, pamene Paulo anena kuti chimodzi chiposa. Kungakhale bwino kunena kuti chikhulupiriro ndi chiyembekezo zili ngati mafuwa ndi nkhuni, koma chikondi ndicho moto. Mafuwa angathe kukhala m'malo mwake, nkhuni zili zouma bwino, mphika uli pomwepo ndi madzi ake, banja nkugonabe ndi njala. Fuwa lozizira munthu angathenso kulitola nkugendera mnzake. Komabe pali chitonthozo m'chiphunzitsochi, chifukwa pamene mafuwa ndi nkhuni zilipo, munthu angathe kukapala moto. Chikhulupiriro chotsalacho ndicho chimabweza wochimwa ku Sakramenti la Kulapa, ndipo nchifukwa chake Eklezia sachinyoza ngakhale chitazizira.

Wina asayese kuti za ku Nazarete zidathera komweko. M'chaka cha 1994, kuyambira Epulo mpaka Julayi, anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, adaphedwa ku Rwanda, dziko limene anthu ake oposa theka adali Akatolika. Ambiri adaphedwera m'matchalitchi momwe adathawira, monga ku Nyamata, ku Ntarama ndi ku Nyarubuye, ndipo ambiri mwa akuphawo adali obatizidwa, odziwa mapemphero onse pamtima. Padali ansembe ndi asisitere amene adafa potchinjiriza nkhosa zao. Padalinso ena amene pambuyo pake mabwalo a milandu adawapeza olakwa. M'chaka cha 2017 Papa Francis adapempha chikhululukiro cha Mulungu chifukwa cha machimo ndi kulephera kwa Eklezia ndi ana ake pa nthawi imeneyo. Madzi a ubatizo adali pa mitu, koma mtundu udakhala pamwamba pa ubatizo.

Nthenda yomweyo imayamba pang'onopang'ono, m'zinthu zimene palibe aziyesa tchimo. Alipo Mkhristu amene salephera Misa, korona ali m'khosi, koma tsiku lolemba maina a olandira chimanga cha thandizo, ndiye woyamba kunena kuti banja lakutilakuti lichotsedwe chifukwa ndi obwera. Uthenga wa maliro ukafika pa mphakati, nthawi zina funso loyamba limakhala lakuti kodi malemu adamaliza mtulo, wina asanafunse ngati mai wamasiye ndi ana ake ali ndi chodya. Malamulo a mpingo ali ndi malo ake, ndipo palibe akuti atayidwe. Koma funso limene lituluka poyamba ndilo liulula za mu mtima. Alipo mapemphero a usiku wonse amene amatha m'mawa ndi kuloza chala nkhalamba ina kuti ndiyo mfiti yolodza banja. Onsewa akhulupirira Mulungu, ndipo onsewa ayembekeza kumwamba.

Tsono wina adzati: ngati zili choncho, chikondi chokha nchokwanira. Adzatchula mkulu wina wa m'mudzi amene sadabatizidwe, kapena mnansi wa chipembedzo china, amene dzanja lake ndi lofewa koposa la atsogoleri a mpingo, nadzafunsa kuti katekisimu ndi Misa zidapindulanji. Funso limeneli si lachibwana, ndipo katekisiti asaliyankhe ndi mkwiyo. Ambuye eni ake ndiwo adatchula akunja awiri kuti achititse manyazi opembedza. Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican udaphunzitsanso m'chaka cha 1964 kuti anthu amene sadziwa Khristu popanda kulakwa kwao, koma afunafuna Mulungu ndi mtima woona natsata mtima wao wowaweruza mothandizidwa ndi chaulere, angathe kupulumuka.

Koma pali zinthu zimene wofunsayo sadazione. Paulo anena kuti munthu angathe kugawira amphawi chuma chake chonse, ngakhale kupereka thupi lake lomwe, nakhala wopanda chikondi, osapindula kanthu. Motero kupatsa sikulingana ndi kukonda. Makolo adati kupatsa nkuika, ndipo nzeru imeneyi idasunga midzi pa zaka za njala. Koma woika amakhala ndi diso pa tsiku lodzatenga. Wogawa matumba a chimanga chisankho chikayandikira akuika. Wopereka ku tchalitchi kuti dzina lake limveke pa zolengeza akuika. Chikondi chimene Mpostoli anena chimafika kwa munthu amene sadzabweza kanthu, ndipo chimayamba mwa Mulungu, amene adakonda anthu iwo asanamdziwe.

Chinanso chioneka pa mai wa ku Zarefati yemweyo, akaonetsetsa bwino nkhani yake m'buku loyamba la Mafumu, mutu 17. Eliya adampeza pa chipata cha mudzi akutola nkhuni, nampempha madzi akumwa. Maiyo adanyamuka pomwepo kukatunga, ngakhale idali nyengo ya chilala ndipo wopemphayo adali mlendo wa mtundu wina. Kumeneko kudali kukoma mtima kwa chibadwa, kumene sikudasowe lonjezo lililonse. Koma mneneri atapempha mkate, maiyo adaima. Adali ndi ufa wodzaza dzanja limodzi ndi timafuta pang'ono, ndipo adati akaphika zimenezo adye ndi mwana wake, kenaka adikire imfa. Kukoma mtima kudafika pamapeto ake, ndipo mai aliyense amene adayesapo ufa mu Febuluwale sangamdzudzule. Chimene chidamuolotsa pamenepo ndi mau a Mulungu amene Eliya adampatsa, kuti ufa ndi mafuta sizidzatha mpaka mvula itagwa. Iye adakhulupirira mauwo asanaone kanthu, naika moyo wa mwana wake pa lonjezolo, naphikira mlendo poyamba. M'kamkate kakang'onoko mudali zonse zitatu. Sikudali kwachabe kuti Akhristu akale potchula chikhulupiriro ankati kumvera, monga lisonyeza dzina la pemphero lija la Kumvera kwa Apostoli: maiyo adamva mau, nachita. Namani nayenso adachira pokhapokha atameza ulemu wake ndi kumvera, nakamira kasanu ndi kawiri mu Yordano, mtsinje umene poyamba adaunyoza.

Dziko la Malawi lidaonapo zotere ndi maso. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'chaka cha 1986, anthu adayamba kuoloka malire mwaunyinji, ndipo pofika 1992 adapitirira 1,000,000, m'dziko limene eni ake sadakwane 10,000,000. Ku Nsanje othawa nkhondo adachuluka koposa eni nthaka. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri adakhala m'midzi momwemo pakati pa anthu, akutunga pa zitsime zomwezo. Owalandira adali a mipingo yonse, Asilamu, ndi a chipembedzo cha makolo, ndipo ubale wa zilankhulo udathandiza. Koma mlendo ndi mame pokhapokha akachoka dzuwa likakwera. Mlendo wa zaka zisanu ndi chimodzi, mitengo ikutha, minda ikuchepa, ndipo chilala cha 1992 chili pakhomo, sali mame konse. Madandaulo adalipo, monga ayenera kukhalapo pakati pa anthu. Komabe alendowo adakhala mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, nabwerera kwao m'zaka zotsatira. Chisoni cha sabata yoyamba chimadza chokha. Cha chaka chachisanu ndi chimodzi chimafuna chitsime chozama.

Chitsime chimenecho Paulo achisonyeza m'kalembedwe kake. M'Chigriki, pofotokoza chikondi, sagwiritsa mau osimba maonekedwe. Agwiritsa mau 15 osonyeza kuchita, 8 mwa iwo onena zimene chikondi chikana kuchita. Limodzi mwa mauwo ndi la owerengera chuma. Litanthauza kulemba m'buku, monga mwini sitolo alemba ngongole, ndipo Mpostoli anena kuti chikondi chilibe buku lotere la zolakwa za anthu. Alipo mabanja ndi makwaya amene buku lao la ngongole lidayamba zaka makumi awiri zapitazo, ndipo tsamba lililonse likumbukika. Pamapeto pa mndandandawo Paulo aika kukhulupirira ndi kuyembekeza m'gulu la ntchito za chikondi chenicheni. Ndiye kuti chikondi chimapuma ndi ziwirizi. Munthu angathe kung'amba buku la ngongole ngati akhulupirira kuti Mulungu adang'amba lake loyamba. Mai angathe kupempherera mwana woledzera zaka khumi ngati ayembekeza kuti Mulungu sadathane naye. Popanda zimenezi chikondi chimatopa, ndipo chikatopa chimabwerera kwa achibale okha.

Nanga chifukwa ninji chikondi chiposa, ngati sichingathe kuyenda chokha? Masiku aja amuna ankapita ku migodi ya ku Johannesburg pa Wenela, mkazi ankatsala ndi kalata. Mwina sankadziwa kuwerenga, ndipo mwana wa sukulu ndiye ankamuwerengera. Mwamunayo sankamuona, koma ankakhulupirira mau a m'kalatamo. Ndipo chifukwa cha mauwo ankafolera nyumba, kusunga tambala, ndi kutseka makutu kwa onena kuti mwamuna wake wachona. Tsiku limene mwamuna afika, kalata ija imasomekedwa kudenga, pakuti palibe awerenga kalata mwini wake atakhala pakhonde, ndipo kudikira kwatha. Chotsala ndi chomwe chidampangitsa kusunga kalatayo. Chimodzimodzi kumwamba chikhulupiriro chidzasanduka kuona, chiyembekezo chidzasanduka kulandira, koma chikondi chidzakhala chomwecho, chitangokula. Paulo afanizira kudziwa kwa pansi pano ndi kuyang'ana m'kalirole. Akalirole a masiku amenewo adali a mkuwa wopukutidwa, oonetsa nkhope mwachimbuuzi, ndipo Korinto udali wotchuka ndi ntchito za mkuwa.

Padalinso akazi ena amene pa zaka zonsezo ankadikira mabulangete ndi ndalama, osati mwamuna. Iwonso adakhulupirira kalata, iwonso adayembekeza. Koma tsiku lofika, maso ao adali pa katundu. Ndi momwe aliri Mkhristu woyembekeza kumwamba popanda kukonda Mwini kumwamba ndi ana ake onse. Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, adalembera munthu wina dzina lake Laurentius kabuku ka mphatso zitatuzi cha m'ma 421, ndipo m'menemo adaika muyeso wa ubwino wa munthu pa chimene mtima wake ukonda. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya chiyembekezo ya 2007, adakumbutsa kuti Mkhristu sayembekezera chipulumutso chake chokha, koma cha anzake omwe. Anthu a ku Nazarete akadamva zimenezi, nkhani ya mai wa ku Sidoni ikadawakondweretsa.

Patsala mau oyamba, a Yeremiya, amene aletsa Mkhristu kuyesa chikondi ngati kufatsa kwa munthu woopa kukhumudwitsa anzake. Mwa ntchito 15 zija muli kukondwera ndi choona. Yesu adawakonda anthu a kwao, ndipo chifukwa chowakonda sadawanyengerere. Maepiskopi a ku Malawi adayenda njira yomweyo pa 8 Malichi 1992, pamene kalata yao ya m'nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi, yonena za malipiro a amphawi, za omangidwa popanda mlandu ndi za mantha oletsa anthu kulankhula. Boma lidaiyesa kalata youkira, apolisi adawaitana kukawafunsa, ndipo Monsignor John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko. Komabe si aliyense wodedwa ali mneneri. Ena amadedwa chifukwa cha pakamwa poipa basi. Mneneri woona adziwika pakuti amalirira anthu omwe akuwadzudzulawo, ndipo sawasiya.

Yeremiya adali wotero. Adaitanidwa cha m'ma 627 Khristu asanabadwe, m'chaka cha 13 cha mfumu Yosiya, ndipo adalalika zaka makumi anai kwa anthu osafuna kumva. Anthu a ku Anatoti, mudzi wa kwao, adapangana za kumupha, monga a ku Nazarete adadzachitira Ambuye. Wansembe Pasuri adamkwapula namuika m'matangadza. Koma pamene ankhondo a ku Babiloni adazinga Yerusalemu, iye ali m'ndende, adagula munda kwao ku Anatoti ndi masekeli 17 a siliva, nalamula kuti makalata a mundawo asungidwe mu mtsuko wadothi kuti akhale zaka zambiri. Mzinda udagwa m'chaka cha 587, ndipo iye adakathera ku Ejipito. Munda umenewo adaugula ngati chikole cha ana a anthu omwe ankamzunzawo, kuti adziwe kuti minda idzagulidwanso m'dzikomo.

Nkhani ina ya masiku omwewo siwerengedwa pa Lamulungu limeneli, koma katekisiti angachite bwino kuitsegula pa mutu 38. Nduna za mfumu Zedekiya zidaponya Yeremiya m'chitsime chopanda madzi, ndipo iye adamira m'matope. Mu Yerusalemu mudali ansembe, alembi ndi anthu ambiri odziwa Malamulo, koma amene adapita kwa mfumu kukamnenera adali Ebedi-Meleki, wantchito wa kunyumba ya mfumu, Mkusi, wa dziko la kumwera kwa Ejipito kumene lero kuli Sudan. Atalandira chilolezo, adayamba walowa m'chipinda chosungira zinthu, natengamo nsanza ndi zovala zakutha. Adazitsitsira m'chitsimemo, nauza mneneri kuti aziike m'khwapa kuti zingwe zisamcheke pomkoka. Buku silisimba kuti mlendo ameneyu adanenapo kanthu za chipembedzo chake. Koma m'mutu wotsatira, pamene Mulungu adatuma Yeremiya kukamuuza kuti iye adzapulumuka tsiku la kugwa kwa mzinda, sadatchule nsanza kapena zingwe. Chifukwa chimene adapereka nchakuti Ebedi-Meleki adamkhulupirira.